Denga langa linapita tsiku lopanda namondwe

Anthu akamva kuti denga la nyumba yanga ku Bangwe linasasuka, amafulumira kufunsa kuti, "Ndi Freddy uja?" Ayi. Namondwe Freddy anapeza denga langa lili nganganga. Ilo linali litapita kale mu Novembala 2021, masana a Loweruka, ndi mphepo yopanda dzina, imene wailesi sinalengeze, ndipo sinathe ngakhale theka la ola. Ndi mphepo ija imatsogolera mvula yoyamba, imene tonse timaidziwa ndipo timaipeputsa chifukwa imabwera chaka chilichonse.

Tsiku limenelo kunatentha mpaka nkhuku zinali kukamwa yasa pansi pa mango. Cha m'ma 3 koloko kunachita mdima kumbali ya phiri, kafungo ka dothi kanamveka, kenako fumbi ndi majumbo zinayamba kuuluka mumsewu. Mayi a kunyumba anathamanga kukaanula ufa pa mphasa, ana nawo kukaanula zovala, chitseko cha kumaso n'kutsala chotsegula. Ine ndinali pabalaza ndikuchonga makope. Chimene ndinayamba kumva ndi kulira kwa misomali. Amene anazulapo msomali wautali pa thabwa louma akudziwa kulira kwake. Tsono yerekezani misomali mazana ikulira nthawi imodzi. Kenako m'nyumba munawala ngati wina wayatsa getsi. Nditakweza maso ndinaona mitambo.

Denga la khonde ndi theka la denga la pabalaza zinanyamuka pamodzi, malata ali chikhomedwere pa matabwa ake, n'kukagwera m'munda wa aneba momwe anali atangomaliza kupanga mizere. Mvula inatsatira pompo. Inanyowetsa mipando, makope a ana a eni, matumba anayi a chimanga ndi thumba la feteleza limene tinali titangogula. Palibe anavulala, koma pali chinthu chimodzi chimene mpaka lero chimandizizira m'mimba ndikachikumbukira. Pa ngodya ya denga ndinali nditaikapo mwala waukulu, poti lata la pamenepo linkachita phokoso kukawomba mphepo. Mwalawo tinaupeza utaphwanya beseni kuseri kwa nyumba ya aneba, pamalo amene mwana wawo wamng'ono amakonda kusewera. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaona miyala, njerwa kapena matayala pa denga la munthu ndimalankhula, ngakhale mwini wake ndisamudziwe. Mwala sugwira denga. Denga likafuna kupita limapita nawo, ndipo umakatera kumene wafuna.

M'mawa mwake, tisanapite n'kutchalitchi komwe, kunabwera bambo wina wachikulire wa mumpingo mwathu, kalipentala wa zaka zambiri pa ntchitoyi. Ine ndinkayembekeza kuti ayamba kuwerenga malata opindika. Iwo malata sanawayang'ane n'komwe. Anapita m'munda muja, anatola msomali, n'kuubaya pa thabwa limodzi la thirasi, chimango cha matabwa chija chonyamula denga. Msomali unalowa ngati akubaya mbatata yophika. Atalifinya thabwalo ndi dzanja, linaphwanyika, m'kati muli dothi lokhalokha.

"Aphunzitsi," anatero, "nyumba yanuyi inalibe denga. Inangofunda malata."

Ndinayesa kudziteteza. "Koma bambo, nyumbayi ndi yatsopano. Talowamo 2016 yomweyi."

"Chiswe sichiwerenga zaka. Tabwerani muone."

Anandionetsa zinthu zitatu, ndipo zonse zinali poyera kwa zaka, ine n'kumadutsa pansi pake tsiku ndi tsiku. Choyamba chinali chiswe chija. Pa ngodya ya chipinda chosungiramo katundu, kuseri kwa matumba, panali kanjira ka dothi kokwera khoma mpaka ku denga, kakang'ono ngati chala cha mwana. Matabwa anga anali a paini osapakidwa mankhwala alionse, ndipo chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu la kunja lili bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu. Chachiwiri chinali chomangira. Amene anandikhomera denga anamanga mathirasi ndi kawaya kopyapyala, kodutsa pansi pa mizere iwiri yokha ya njerwa za pamwamba, njerwa zomwenso zinamangidwa ndi dothi. Mphepo inanyamula denga ndi njerwa zake zomwe. Chachitatu chinali khonde limene ndinkanyadira nalo, lalitali, lolumikizana ndi denga la nyumba, lokhala pa mapaipi atatu amene anangokhazikidwa pa simenti osazikika.

Mmene anandifotokozera za mphepo sindidzaiwala, chifukwa ine ndinkaganiza kuti mphepo imakankha denga cham'mbali. Iwo anavula chipewa chawo. Anati mphepo ikamadutsa pamwamba pa denga imaliyamwa, kulikokera kumwamba, makamaka m'makona, m'mphepete ndi pamsonga. Ikapezanso polowera, monga chitseko chija chinatsala chotsegula kumbali yochokera mphepo, imadzaza m'nyumba n'kumalikankha kuchokera pansi. Wina akukoka pamwamba, wina akukankha pansi. Khonde lalitali ndiye mlomo wa chipewa, pogwirira pake. Likalumikizana ndi denga la nyumba, likamapita limaitana lonse. N'chifukwa chake pokonzanso anandikhomera khonde palokha, m'munsi pang'ono mwa denga lalikulu, kuti likafuna kupita lipite lokha.

Ntchito yokonzanso inandidya ndalama zoposa zimene ndikanawononga pa zaka khumi za kusamala. Amisiri nthawi imeneyo amasowa, poti si inu nokha mwasasukidwa, ndipo amene wapezeka amatchula mtengo akuyang'ana kumwamba, akudziwa kuti mitambo ikumuthandiza kukambirana. Tinagona milungu iwiri pansi pa lona. Mathirasi atsopano tinawamanga ndi hupu ayoni, chitsulo chopyapyala chija chonga lamba, chotsika mpaka pansi pa bimu, konkire ija yozungulira nyumba pamwamba pa mawindo, n'kuchikulunga pa thabwa ndi kuchikhomera mbali zonse ziwiri. Ngati nyumba yanu inamangidwa kale ndipo simukudziwa chimene chikugwira denga, sikuti mpaka mugumule. Mmisiri amaboola khoma pansi pa bimu, kapena mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya njerwa kuchokera pamwamba, kudutsitsa chitsulocho, kumanga, n'kumata ndi simenti. Ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri. Timatabwa tokhomerapo malata natonso tisamangodalira msomali umodzi woloza pansi, chifukwa msomali wotero umazuka mmene unalowera. Tinatimanga ndi waya wokhuthala pa thirasi iliyonse.

Mu Januwale 2022 kunabwera Ana, namondwe amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa mpaka dziko lonse kukhala mumdima. Ndinagona maso ali gwa, ndikumvetsera misomali. Sinalire.

Kuchokera pamenepo ndinadziikira lamulo: pofika pa 15 Okotobala, Tsiku la Anakubala, za denga zikhale zitatha. Ndinasankha tsikuli chifukwa siliiwalika, komanso chifukwa chizimalupsa chimatha kugwa nthawi ina iliyonse kuchokera pamenepo, ndipo chimabwera ndi mphepo. Ndimayamba sabata yoyamba ya Seputembala. Vuto la miyezi imeneyi n'lakuti palibe chimene chimaoneka cholakwika. Kumwamba kuli mbee, khoma ndi louma, ngalande ili gwaa. Munthu ukakwera pa denga aneba amakufunsa ngati uli bwino. Koma mvula ya chaka chatha imasiya zizindikiro, ndipo ntchito yeniyeni ndi kuziwerenga: banga lachikasu pa siling'i, penti yotukumuka m'munsi mwa khoma, mzere wa matope pa mpanda wosonyeza pamene madzi anafika, kanjira kokumbika pabwalo.

Ndimayambira m'kati, dzuwa lili paliwombo. Siling'i tinaika pokonzanso paja, ndipo ndinaumirira kuti asiye kabowo kolowera. Ndimalowamo ndi tochi, choko ndi sikuludiraiva. Ndikazimitsa tochi, bowo lililonse pa lata limaoneka ngati nyenyezi, ndipo ndimalizunguliza ndi choko. Kenako ndimagogoda thabwa lililonse. Lamoyo limayankha mwamphamvu, lodyedwa limamveka ngati ng'oma yoboola. Pamene ndakayikira ndimabaya. Musakhalitsemo, mumatentha ngati uvuni, ndipo pondani pa matabwa okha. Mlamu wanga anaponda pa bodi la siling'i n'kutulukira mwendo kuchipinda kwa ana. Mpaka pano akabwera ana amamufunsa ngati alowera pakhomo kapena pamwamba.

Matabwa ndimawapaka mankhwala a chiswe ogula m'mashopu a zomangira. Ambiri kuno amapaka oyilo wakuda wotsala m'galimoto, ndipo nane ndinapakapo, koma amanunkha m'nyumba kukatentha, komanso moto ukabuka amaukolezera. Chofunika kwambiri ndi kutseka njira. Chiswe chimachokera pansi, ndiye ndimasuntha matumba, makatoni ndi makabati onse otsamira khoma n'kuyang'ana kuseri kwake. Nkhuni sindilolanso kuti ziunjikidwe motsamira nyumba. Ndipo mvula yoyamba ikagwa, ana akamathamangitsa ngumbi, ine ndimayang'ana pamene zikutulukira. Zikatulukira pafupi ndi maziko, ndiye kuti alendowo ali pansi pa nyumba.

Pamwamba ndimakwera m'mamawa, isanakwane 8 koloko, chifukwa dzuwa la Seputembala likagunda lata simungaligwire. Nsapato za labala, wina agwire makwerero, ndipo pondani motsata mzere wa misomali poti m'pamene pali thabwa pansi. Malata amafutukuka masana n'kubwerera usiku, tsiku ndi tsiku, ndipo kuyenda kumeneko kumazula misomali pang'onopang'ono. Mudzapeza ina yatukula mitu. Kale ndinkangoimenya ndi hamala kuti ibwerere, osadziwa kuti bowo lake linakula kale ndipo sikugwiranso kanthu. Tsopano ndimaizula n'kuika yaitali, ya mapindikidwe ija, kapena masikuluwu okhala ndi kalabala. Msomali umakhomedwa pamwamba pa nthiti ya lata, osati m'chigwa modutsa madzi. M'mphepete, m'makona ndi pamsonga ndimakhoma nthiti iliyonse. Pakati mutha kudumphitsa. Mabowo ang'onoang'ono ndimamata ndi phula kapena tepi ya phula, nditapala dzimbiri kaye. Lata limene dzimbiri ladya mozungulira misomali ndi lofunika kusintha, phula pamenepo n'kudzinamiza. Ndikamaliza, mwana amandipatsira ndowa ya madzi, ndimathira, amayi ali m'kati kuyang'ana.

Pa za malata ndinenepo chimodzi, poti ine ndinapusitsidwa ndi nambala. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala. Geji 32 ndi yopyapyala kuposa geji 28. Ine pomanga ndinagula 32 ndikuganiza kuti ndagula zapamwamba motchipa. Lata lopyapyala limang'ambika mozungulira mutu wa msomali, msomali n'kutsala pa thabwa, ilo n'kupita. Ngati thumba silikulola kugula okhuthala denga lonse, ikani okhuthalawo m'mphepete ndi kumbali yochokera mphepo.

Ndinkadziona ngati ndamaliza sukulu ya nyumba. Freddy anandibweza ku sitandade 1.

Namondweyu anatera pafupi ndi Quelimane ku Mozambique pa 11 Malichi 2023, ndipo kuno ku Blantyre mvula inagwa masiku otsatizana osakata, usana ndi usiku. Sukulu zinatsekedwa. Denga langa silinadonthe ngakhale kadontho, koma ine maso anga onse anali kumwamba, pomwe mdani anali kubwera chapansi. Poloti yanga ili pamtsetse, ndipo kumtunda kwake ndinamanga mpanda wa njerwa, wautali, wopaka pulasitala, wopanda kabowo ngakhale kamodzi. Madzi onse ochokera kumtunda anaima kuseri kwa mpandawo ngati damu. Usiku wachitatu tinamva chiphokoso ngati galimoto yagunda nyumba. Mpanda unagwa wonse kumbali imeneyo, madzi ndi matope zinakhuthukira pabwalo, zinalowa kukhitchini mpaka m'mawondo, ndipo chimbudzi chokumba chimene chinali pakona chinatitimira, silabu ndi khoma lake zonse m'dzenje.

Gogo wina amene anakhala m'derali anthu asanachulukane anabwera kudzazonda. Anayang'ana pamene panali mpanda, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, apa kale pankadutsa madzi. Tinkadumpha pomwepa popita kutchire kukatola nkhuni. Madzi saiwala khwawa." Zaka zonsezo ndinkawapatsa moni gogowa tsiku lililonse, koma sindinawafunsepo za malo amene ndinagula.

Sindikufuna kukuza zanga. Masiku omwewo ku Chilobwe, pansi pa phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira mabanja athunthu, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso. Akuluakulu amati napolo, monga anachitira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Pamenepo palibe hupu ayoni kapena ngalande imene ingathandize. Ngati nyumba yanu ili m'munsi mwenimweni mwa phiri lodulidwa mitengo, m'khwawa kapena m'mphepete mwa mtsinje, ndipo a zanyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, achenjeza, tulukani kukadali kowala. Gwirizanani mu Okotobala momwe kuti mudzathawira kwa ndani, chifukwa usiku wa mvula, magetsi atazima ndipo foni yatha moto, si nthawi yoyamba kuganiza. Zimene ndikulemba pano ndi za nyumba zambirimbiri zimene zimagwa chifukwa cha zinthu zoti zikanapeweka.

Mpanda ndinamanganso, koma tsopano m'mizere ya m'munsi tinasiya mipata, njerwa imodzi yochotsa pa mtunda uliwonse wa sitepe imodzi, ndi zipilala zolimbitsa m'katikati. Kuseri kwake tinathira miyala kuti madzi azisefekera m'mipatamo osatseka ndi dothi, ndipo kumtunda ndinadzala mzere wa vetiva. Mozungulira nyumba ndinaika kakhonde ka simenti kotsetsereka cha kunja, kuti madzi otsika pa malata asamakumbe m'mbali mwa maziko ndi kuthovukira pa khoma. Amene nyumba zanu ndi za zidina kapena njerwa zomanga ndi dothi, apa ndiye pofunika kwambiri: khoma lotere silifa ndi mvula ya pamwamba, limafa ndi kunyowa kwa kumapazi. Ngati simenti yavuta, tsirani dothi lotsendera bwino mozungulira, likhale lokwera kukhoma, n'kuyala miyala kapena zidutswa za njerwa pamene madzi a denga amagwera. Pulasitala ngakhale wofika m'chiuno chokha amathandiza.

Nkhani yovuta inali ya ngalande, chifukwa ngalande si ya munthu mmodzi. M'makwalala athu ano aliyense amakankhira madzi kwa wa kumunsi kwake. Wa kumtunda kwanga ankawalozetsa kwa ine, ine nditatsegula mipata ija ndinawalozetsa kwa mayi wina wamasiye wa kumunsi, ndipo mayiwo anabwera m'mawa wina chitenje chili m'chiuno. "Aphunzitsi, madzi anuwa mukufuna ndiwamwe?" Ndinalibe poyankha. Nkhani inapita kwa amfumu, ndipo titakangana Loweruka awiri tinagwirizana kukumba ngalande imodzi yotsata njira yakale ya madzi ija, kuchokera kumtunda mpaka kukalowa mu ngalande ya msewu. Nyumba iliyonse inapereka munthu kapena ndalama ya simenti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ndaona kuti sukumbanso ngalande. Tsopano Loweruka loyamba la Okotobala timatuluka ndi makasu, mafosholo ndi wilibala. Zimene timavuulamo ndi zomwezomwezo chaka chilichonse: mchenga, majumbo, mabotolo a pulasitiki, ndi matewera otaya, amene amafufuma n'kutseka paipi ngati chitsekerero. Pali nyumba imodzi imene sibwera ndipo timaidziwa. Timakumbabe mbali yawo, poti madzi akatsekeka pamenepo salowa kwa iwo okha.

Chimbudzi ndi chimene ambiri timachiiwala, mwina chifukwa cha manyazi. Changa chinagwa pa nthawi yoipitsitsa, m'kati mwa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700. Zonse za m'dzenjemo zinasakanikirana ndi madzi oyenda pabwalo, ana akuponda momwemo. Tinatha milungu tikuthira klorini paliponse ndi kumwa madzi owiritsa okha. Chatsopanochi tinamanga njerwa m'kati mwa dzenje kumtunda kwake, pamene dothi limagumukira, silabu tinaikweza kuposa bwalo, ndipo madzi a denga lake amagwera kutali ndi dzenje. Mwezi wa Seputembala ndimasuzumiramo ndi tochi. Ngati latsala pang'ono kudzaza, musadikire, chifukwa mvula ikalowa madzi a pansi amakwera ndipo limasefukira. Yang'ananinso m'mbali mwa silabu ngati dothi layamba kutitimira kapena kung'ambika. Amene muli ndi zimbudzi za madzi, tsegulani zivundikiro za mapaipi muone ngati mizu ya mitengo sinalowemo.

Ming'alu ya pakhoma ndili ndi kachitidwe kanga. Ndimalemba kamzere ndi pensulo pamene mng'alu wathera, n'kulembapo deti. Ndikabweranso patatha mwezi, ngati wadutsa kamzere kaja, ndiye kuti nyumba ikuyenda, ndipo kumata sikuthandiza. Itanani mmisiri aone maziko. Woopsa ndi uja woyenda mopingasa ngati masitepe kuchokera pakona ya windo kapena chitseko, makamaka ngati mungalowetsemo ndalama yachitsulo. Timing'alu ta pulasitala tonga tsitsi ndimangomata kuti madzi asalowe. Zitseko ndi mawindo ndimaonetsetsa kuti zikutsekeka ndi kukhomeka, magalasi osweka ndimasintha, ndipo ana anga onse akudziwa kuti kukachita mdima kuphiri, woyamba kulowa m'nyumba amatseka zonse. Ufa unyowe.

Za magetsi sindichita ukatswiri. Ndimangoona ngati pali banga la madzi pafupi ndi mawaya, soketi kapena bokosi la mita, ndipo aliyense m'nyumba anaonetsedwa pozimitsira magetsi onse. Madzi akalowa m'nyumba, choyamba n'kuzimitsa pamenepo. Kukayamba ziphaliwali timazula TV ndi firiji. Mapepala a malo, ziphaso za unzika, masatifiketi ndi mabuku a kuchipatala zimakhala m'chidebe cha pulasitiki chotsekeka bwino, pamwamba pa kabati, pamodzi ndi tochi, machesi ndi kawailesi ka mabatire. Makope a ana asukulu aja anandiphunzitsa. Chimanga chimakhala pa matabwa okweza, osagunda khoma.

Ndikudziwa chimene ambiri mukunena mumtima: ndalama zake ziti? Seputembala ndi mwezi wa fizi ndi yunifolomu, Okotobala ndi wa feteleza ndi mbewu, ndipo banki m'khonde zambiri zimagawana mu Disembala, denga litapita kale. Ine ndimayamba kugula mu Juni, pang'onopang'ono: mwezi uno kilo ya misomali, wamawa chitini cha mankhwala a chiswe, wina lata limodzi. Simenti yokha ndimagula mochedwa poti ikakhalitsa imauma m'thumba. Chaka chimene pali ntchito yaikulu, amayi amabwereka ku banki m'khonde kwawo mu Ogasiti. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo ya zomangira inalumpha sabata yomweyo, ndipo ine ndinali nditamaliza kale mpanda. Sikuti ndinadziwiratu, ndi lamulo la pa 15 Okotobala lija linandipulumutsa. Komanso theka la zimene ndatchula pano sizifuna ndalama. Kugogoda matabwa, kuvuula ngalande, kusuntha nkhuni, kuchotsa miyala pa denga, kufunsa gogo wa pafupi kumene madzi ankadutsa, zonsezi zimafuna Loweruka limodzi basi.

Amene muli pa lendi musanene kuti izi ndi za eni nyumba. Denga likapita, zonyowa ndi zanu, ndipo ana ogona pansi pake ndi anu. Jambulani pa foni pamene pakudontha kapena thabwa lodyedwa, tumizani kwa alandilodi mu Seputembala, ndipo ngati akuzengereza pemphani kuti mukonze nokha mudzachotsere pa lendi. Koma zimenezo zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp, ndipo malisiti musunge. Ndinakhalapo pa lendi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo ndikudziwa mmene mawu a pakamwa amasungunukira pakutha pa mwezi.

A nthambi ya zanyengo amalengeza mmene dzinja liyendere lisanayambe, ndipo ndimamvetsera, koma sindidikiranso kuti anene kuti kukubwera namondwe. Tinazolowera kuti anamondwe ndi a Januwale mpaka Malichi, monga Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ndi Freddy. Koma Chido anafika pakati pa Disembala 2024, anthu ena akuti tikonza tikalandira za Khirisimasi, ndipo anasasula madenga ambiri, a sukulu omwe.

Chimene chimandivuta mpaka lero ndi mitengo. Bulugamu amene anali kuseri ndinadula osaganiza kawiri, chifukwa ndi wautali, nthambi zake zimathyoka mosachenjeza, ndipo dothi likafewa amazuka ndi mizu yomwe. Nthambi zoyandikira mawaya a magetsi sindizigwira, ndimakauza a ESCOM, ndipo inunso musalole mnyamata wa ganyu akwere pamenepo ndi chikwanje. Koma pali mango wa pabwalo, uja nkhuku zimabisalapo, amene nthambi yake imodzi yaikulu yaweramira pa denga la chipinda cha ana. Ikawomba mphepo imakhula malata, masamba ake amaunjikana m'zigwa za lata n'kusunga chinyezi, ndipo kalipentala uja anandiuza kalekale kuti ichoke. Tsoka lake n'lakuti nthawi yoyenera kuidula ndi yomwe imakhala italemera ndi timango tating'ono, ndipo ndi nthambi imene imabereka kuposa zonse.

Chaka chino ndinanola chikwanje, ndinatsamiritsa makwerero. Amayi anatuluka kukhitchini, manja ali ndi ufa.

"Abambo, mukufuna kutani?"

"Nthambi iyi, amayi. Tinakambirana kale."

"Tinakambirana kuti mango akatha."

"Mango amatha mu Januwale. Mphepo ndi ya mwezi wamawa."

Ana anali ataima kale pansi pa mtengo ngati apolisi. Tinamvana pakati: ndinadula nsonga zonse zokhudza malata, ndinasesa masamba, ndipo nthambi yaikuluyo ndinaichirikiza ndi mzati wa mphanda n'kuimanga ndi chingwe ku thunthu, kuti ikathyoka igwere kubwalo. Kalipentala uja atadutsa Lamulungu anaiyang'ana nthawi yaitali, anagwedeza mzatiwo ndi dzanja, n'kufunsa ana kuti mango ake ndi a mtundu wanji. Atamva kuti ndi a boloma, anati akapsa amusungireko asanu, ndipo tsiku lodzatenga mangowo abwera ndi sowo yake.